Chomwe sichinalembedwe polembetsa sichibwera mu envelopu: mmene thandizo la ana aulumali limayendera pa mayeso a boma

Chaka china, ndikuphunzitsa Sitandade 8 pa sukulu ina ya m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima, ahedi anandipatsa ntchito yolemba mayina a ana olembetsa mayeso. Inali ntchito ya madzulo ana ataweruka, thukuta lili kamukamu, ndipo mapepalawo ankafunika ku zoni mawa lake. Dzina, tsiku lobadwa, mnyamata kapena mtsikana. Kumapeto kunali kadanga kofunsa ngati mwanayo ali ndi ulumali kapena vuto lofuna thandizo lapadera. Kadanga kameneka ndinkangokadumpha, mpaka ndinafika pa dzina la mtsikana wina wachialubino yemwe ankakhala kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi bolodi. Naponso ndinadumpha. M'mutu mwanga wolumala anali wa ndodo kapena wa njinga. Uyu ankayenda yekha, ankamva bwino, ndipo m'kalasi sankatsika pa nambala 5.

Tsiku loyamba la mayeso litatha, ndinamupeza atakhala pansi pa mtengo wa mango, chipewa atachikokera kumaso. Nditamufunsa kuti zayenda bwanji, anati, "Aphunzitsi, mafunso ndimawadziwa. Koma nthawi yathera powerenga." Pepala linabwera la zilembo wamba. Iye amawerenga mphuno itatsala pang'ono kugunda pepala, liwu limodzilimodzi, ndipo akadzutsa mutu kuti alembe yankho, mzere womwe anasiyira umamusowa. Ndinathamangira kwa mkulu woyang'anira mayeso pamalopo. Bamboyo anamva chisoni ndithu, koma anangotambasula manja: "Aphunzitsi, ine ndimagawa zomwe zabwera mu envelopu."

Sanali kuzemba ayi. Ananena zoona, ndipo nkhani yonse ya thandizo la ana aulumali pa mayeso yagona pa mawu akewo.

Mayeso a Sitandade 8, a JCE ku Fomu 2 ndi a MSCE ku Fomu 4 amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB, lomwe likulu lake lili ku Zomba ndipo linakhazikitsidwa mu 1987. Mapepala amasindikizidwa mwachinsinsi, amamatidwa, amalonderedwa ndi achitetezo, ndipo envelopu imang'ambidwa ana akuona. Tonse tikukumbukira za mu 2020, pomwe mayeso a MSCE anaimitsidwa pakati chifukwa mapepala anali atawanda pa mafoni, ana n'kubwerera kwawo kudzalembanso mu January 2021. Chichokereni nthawi imeneyo palibe yemwe amaseweretsa nkhani ya chitetezo. Ndiye musaganize kuti woyang'anira mayeso angatenge pepala, kukwera kabaza mpaka pa Kamuzu Road kukalikulitsa pa makina a fotokope. Woyerekeza kutero agona m'chitokosi. Pepala la zilembo zikuluzikulu, pepala la Braille (zilembo za timadontho zomwe anthu osaona amawerenga ndi zala), mphunzitsi wodziwa chinenero chamanja, nthawi yoonjezera, zonsezi zimakonzedwa miyezi ingapo mayeso asanafike, potengera zomwe sukulu inalemba polembetsa. Masiku ano kulembetsa kumachitika pa kompyuta, koma funso lija lilipobe, ndipo munthu wotopa akhoza kulidumpha monga ndinachitira ine.

Ena akamva zoti mwana wapatsidwa nthawi yoonjezera amati n'kukondera. Ndinamvapo kholo lina pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi (PTA) likunena kuti, "Mayeso ndi mayeso, onse alembe mofanana." Ndimawayankha ndi nkhani ya sikelo. Ukamayesa ufa uli m'ndowa, umachotsera kulemera kwa ndowayo, apo ayi ndiye kuti ukugulitsa chitsulo pamtengo wa ufa. Funso lofunsa mtsinje womwe umatuluka m'nyanja ya Malawi likufuna kudziwa ngati mwana akuudziwa mtsinje wa Shire. Likalembedwa ndi zilembo zoti mwanayo sangazione, ndiye kuti tayesa maso ake, osati zomwe waphunzira. Thandizo lililonse loyenera limangochotsa ndowa. Funso silifewetsedwa, yankho saululiridwa, malikisi samuonjezera. Ndipo malire ake alipo. Kumuwerengera mwana mafunso a sayansi n'kuchotsa ndowa. Koma pamene funso likuyesa luso la kuwerenga lenilenilo, kumuwerengera n'kusintha chinthu chomwe tikuyesacho. N'chifukwa chake thandizo silikhala limodzimodzi pa phunziro lililonse, ndipo siliperekedwa ndi mtima wa woyang'anira, koma ndi chilolezo cha bungwe la mayeso.

Tiyambe ndi ana ovutika kuona, chifukwa ndiwo ochuluka komanso ndiwo amaiwalika msanga. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'dziko muno muli anthu achialubino 134,636, ndipo pafupifupi aliyense wachialubino amakhala ndi vuto la maso. Maso ake amanjenjemera okha, kuwala kumamuthobwa, ndipo magalasi amangothandiza pang'ono, sathetsa vutolo. Koma si wakhungu, ndipo chialubino pachokha sichichititsa khungu munthu akamakula. Ndikunena izi chifukwa pali chikhulupiriro choti ana otere "adzasiya kuona" ndiye aphunziretu Braille. Ambiri mwa iwo chomwe akufuna ndi zilembo zikuluzikulu zakuda bii, nthawi yokwanira, ndi malo abwino okhala. Malo okhalawa ndi nkhani yaulere koma yaikulu. Makalasi athu ambiri ali ndi mazenera a zibowo za simenti: pakati pa chipinda pali mdima, pafupi ndi khomo dzuwa la ku Salima likuchita kulasa pa pepala loyera. Mwana mwiniyo ndiye amadziwa pomwe amaona bwino. Mufunseni tsiku lisanafike, ndipo aloledwe kuvala chipewa chake m'chipinda ngati chimamutchingira kuwala.

Kwa ana osaona kotheratu nkhani ndi Braille, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ambirife timangoona timadontho osadziwa ntchito yomwe ili kuseri kwake. Zilembozi anazikonza Louis Braille wa ku France cha m'ma 1824, ali mnyamata wa zaka 15. Chilembo chilichonse chimapangidwa kuchokera pa timadontho 6, titatu kumanzere titatu kumanja, ndipo timadonthoti tingasanjidwe m'njira 63 zokha. Njira 63 ziyenera kukwanira zilembo, manambala, zizindikiro za m'kalembedwe ndi za masamu, choncho chizindikiro chimodzi chimagwira ntchito zingapo. Manambala 1, 2, 3 amalembedwa chimodzimodzi ndi zilembo a, b, c, kungoti kutsogolo kwake kumaikidwa chizindikiro chosonyeza kuti zotsatirazi ndi manambala. Kadontho kamodzi kakaphwanyika, chilembo chasanduka china.

Diso limadumpha. Mwana woona akatsegula pepala amaliyang'ana lonse kamodzi, n'kusankha funso loyambira. Chala sichidumpha, chimayenda chilembo ndi chilembo, ndipo tsamba limodzi la zilembo wamba limatha kudya masamba awiri kapena atatu a Braille. Kubwerera pa ndime yachitatu ya nkhani kukafuna yankho, kwa woona ndi kuphethira kamodzi, kwa wa Braille ndi ulendo. Onjezerani kuti mayeso a sekondale amalembedwa nyengo ya mwera, ndipo chala chozizidwa sichimva bwino timadontho. Apa ndi pomwe pamachokera nthawi yoonjezera. Ku England mwana wovomerezedwa kawirikawiri amaonjezeredwa gawo limodzi mwa magawo anayi a nthawi, kutanthauza kuti pepala la maola awiri amalilemba maola awiri ndi theka, ndipo owerenga Braille amapatsidwa yoposa pamenepo. Ku America, pa mayeso a SAT, olemba ofuna kulowa ku koleji, ambiri amaonjezeredwa theka la nthawi yonse. Kuno kwathu MANEB ndiyo imagamula, ndipo sukulu iyenera kudziwiratu chigamulocho kuti woyang'anira asalande pepala nthawi imodzi ndi ena onse.

Poyankha, mwana amagwiritsa ntchito makina a Perkins, chitsulo cholemera pafupifupi makilogalamu 5 chokhala ndi mabatani 6 a timadontho tija. Makinawa amasokosa ngati tayipi yakale, n'chifukwa chake ana otere amalembera m'chipinda chawochawo. Wopanda makina amalemba ndi kachitsulo kobowolera pa kafelemu, ndipo poti amabowola kuseri kwa pepala, amalemba kuchokera kumanja kupita kumanzere, chilembo chilichonse chotembenuza. Taganizirani kulemba chimangirizo cha Chingerezi mwa njira imeneyi wotchi ikuyenda. Makina akafa pakati pa mayeso popanda ena apadera, zaka zinayi za sekondale zatsamira pa sipuling'i imodzi.

Mwana akamaliza, pepala lake silinamalize ulendo. Ochonga ambiri sawerenga Braille, choncho katswiri amayenera kulemba mayankhowo m'zilembo wamba. Lamulo la ntchito imeneyi ndi lolimba: alembe zomwe mwana walemba, zolakwa ndi zolakwa zomwe, osakonza sipelo, osaonjezera liwu. Koma akhalenso wodziwadi, chifukwa Braille ya Chingerezi ili ndi zidule zambiri, mawu ngati "the" ndi "and" amalembedwa ndi chizindikiro chimodzi, ndipo wosazolowera akhoza kumulakwitsa mwana yemwe anakhoza. Masamba a Braille ndi okhuthala, ochuluka, ndipo akapanikizidwa pansi pa katundu timadontho timafufutika. Tsamba lililonse likhale ndi nambala ya mwana ya mayeso, yolembedwanso ndi bolopeni. Ndi kanthu kakang'ono, koma tsamba lopanda nambala likathothoka lilibe mwini.

Nanga mapu, magirafu ndi zithunzi? Zina zimajambulidwa motukuza kuti chala chizitsate, zina zimafotokozedwa m'mawu, ndipo zina zimalowedwa m'malo ndi funso lina loyesa luso lomwelo. Pamenepa ndi povuta kwambiri, makamaka pa masamu ndi pa mayeso a mulabu a MSCE, pomwe mwana amafunsidwa kuona mtundu wa madzi ukusintha. Zotsatira zake n'zakuti ana ambiri osaona amangolangizidwa kusiya sayansi akafika Fomu 3. Ine zimandiwawa, chifukwa nthawi zambiri chomwe chasowa si nzeru za mwana, koma zipangizo ndi mphunzitsi woti amuyendetse.

Ana osamva ali ndi vuto lomwe silioneka, poti pepala amaliona bwinobwino. Munthu amati, "Nanga si angowerenga?" Koma mwana wobadwa wosamva chinenero chake choyamba ndi chamanja, chomwe chili ndi malamulo akeake a kasanjidwe ka mawu, osiyana ndi a Chichewa kapena Chingerezi. Chingerezi cha pa pepala ndi chinenero chomwe sanachimvepo ndi khutu chibadwire. Funso lalitali lopotanapotana, lokhala ndi timawu ngati "except" kapena "unless", limamugwetsa ngakhale nkhaniyo akuidziwa. Ndipo poti pa MSCE wolephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale akhoze zina zonse, khomo limeneli limatsekera ana osamva ambiri. Akayankha motsata kasanjidwe ka chinenero chamanja, wochonga wosadziwa amangoona ngati Chingerezi chothyoka, osaona kuti mfundo ya sayansi ili momwemo.

M'chipinda cha mayeso zambiri zimanenedwa pakamwa. "Tembenuzani mapepala." "Pa funso 14 pali cholakwika, konzani motere." "Mwatsala ndi mphindi khumi." Mwana wosamva yemwe waweramira pepala lake sadziwa kuti kwanenedwa kanthu. Zonsezi ziyenera kulembedwa pa bolodi ndi kumukodola kuti aone, kapena pakhale womasulira. Womasulirayo naye ali ndi malire ovuta, chifukwa zizindikiro zambiri zamanja zimajambula chinthucho m'malere. Funso likati makona a "triangle" ndi angati, chizindikiro chake chaulula kale yankho. Womasulira wodziwa ntchito amadziwa pomwe ayenera kungotchula zilembo ndi zala. Kuno ku Salima tili pafupi ndi sukulu ya ana osamva ya ku Mua, m'boma la Dedza, koma ana ambiri osamva bwino ali m'sukulu wamba, atakhala kumbuyo, akutchedwa amwano chifukwa sayankha akaitanidwa.

Za ana oyendera njinga kapena ndodo sindichulutsa, poti vuto lake limaoneka ndi maso. Chofunika kukumbukira n'chakuti ana a Sitandade 8 kawirikawiri salembera pa sukulu yawo, amasonkhanitsidwa pa sukulu ina yapakati. Sukulu yanu ikhoza kukhala ndi potsetsereka polowera njinga, koma kumene akukalemberako kuli masitepe atatu, chimbudzi chili kuseri kwa mchenga, ndipo madesiki ndi aja olumikiza mpando ndi tebulo, oti wa njinga sangalowepo. Wina apite akaone sabata isanafike. Mwana yemwe manja ake sagwira bwino cholembera angafunike nthawi yopumira kapena womulembera, ndipo izi zimafuna chilolezo chopemphedwa kale.

Gulu lomwe limandidetsa nkhawa kwambiri ndi la mavuto obisika. Mwana wa khunyu yemwe angagwe pakati pa pepala, woyang'anira osadziwa chochita, ena n'kumathawa poganiza kuti n'zopatsirana, pomwe khunyu sapatsirana. Mwana wa shuga yemwe ayenera kudya kanthu nthawi yake. Mwana yemwe pakamwa amayankha zonse koma zilembo zimamusokonekera, amene timangomutcha mbuli n'kumubwereza kalasi katatu. Ambiri a iwo sanapimidwepo ndi aliyense, ndipo makolo ena amabisa dala poopa kuti mwana asekedwa kapena achotsedwa pa mndandanda wa olemba mayeso. Mantha amenewa sachokera kumwamba: alipo aphunzitsi omwe amalangiza mwana wofooka kuti "adikire chaka chamawa" pofuna kuti sukulu ioneke yokhoza bwino. Komabe mbewa ya manyazi inafera kuuna. Chomwe kholo labisa, fomu silemba, ndipo envelopu ibwera yopanda kanthu ka mwanayo.

Malamulo ali kumbali ya mwana. Ndime 20 ya malamulo aakulu a dziko lino imaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, linakhazikitsa lamulo la zaulumali mu 2012, kenako lina latsopano mu 2024, lomwe linasinthanso bungwe la boma loona za anthu aulumali la MACOHA kukhala MACODA. Kalembera wa 2018 uja anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina. Ndiye sukulu ikatumiza mayina a ana 100 popanda ndi mmodzi yemwe wofuna thandizo, pali zinthu ziwiri: mwina sitinawaone, mwina anasiyira panjira asanafike Sitandade 8. Zonse ziwiri zimachitika.

Kholo lichite chiyani tsono? Musadikire teremu yachitatu. Mwana akangolowa Sitandade 8, Fomu 2 kapena Fomu 4 mu September, pitani kwa ahedi ndi buku lake la kuchipatala. Ngati sanapimidwepo maso kapena makutu, yambirani pa chipatala chachikulu cha boma, ndipo pemphani kuti zomwe apeza azilembe momveka. Ahedi angathe kuitanitsa mphunzitsi wa special needs (wa ana ofuna thandizo lapadera) kudzera kwa a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale pa zoni, kapena ku ofesi ya maphunziro pa boma. Aphunzitsi amenewa, ambiri mwa iwo anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, ndiwo amadziwa kulemba chomwe mwana akufunika. Kulemba kuti "ali ndi vuto la maso" sikokwanira, chifukwa wosindikiza sadziwa ngati atumize Braille kapena zilembo zikuluzikulu, ndipo kumutumizira Braille mwana yemwe sanaiphunzire n'chimodzimodzi kumupatsa pepala lopanda kanthu. Mndandanda wa mayina ukabwera kuti sukulu itsimikize, funsani mwaulemu kuti muone mzere wa mwana wanu ndi maso anu. Mabungwe monga APAM ya anthu achialubino, MANAD ya anthu osamva, Malawi Union of the Blind ya anthu osaona ndi FEDOMA yophatikiza mabungwe a anthu aulumali amathandiza kukankha pamene zinthu zaima. Zikachitika mwadzidzidzi, monga mwana kuthyoka dzanja lolembera pa ngozi ya kabaza kutatsala sabata, dziwitsani ahedi tsiku lomwelo ndi kalata ya kuchipatala kuti nkhani ifike kwa oyendetsa mayeso lisanakwane tsiku.

Chinthu china chomwe ife aphunzitsi timachiiwala: thandizo lomwe mwana akuliona koyamba tsiku la mayeso limamusokoneza. Womulembera amafuna kuzolowerana, chifukwa kunena chimangirizo pakamwa, ndi mipumiro yomwe, ndi luso lofunika kuliphunzira. Nthawi yoonjezera nayo imafuna kuidziwa kagawidwe kake, komanso thupi lizolowere kukhala pansi maola atatu. Mayeso a pateremu ndi a moko ndiwo malo oyeserera zonsezi. Koma tinene zoona, pa sukulu zambiri mayeso a pateremu amalembedwa pa bolodi ndi choko chofufuma, ndipo a moko amasindikizidwa ndi zilembo zing'onozing'ono kuti mapepala achepe, poti ndalama zake ndi zosonkha makolo. Mwana wovutika kuona amafika pa mayeso a boma asanalembepo mayeso oti akuwaona bwino.

Mtsikana uja sanasankhidwe chaka chimenecho. Ndinapita kwawo kukawauza mayi ake kuti cholakwa chinali changa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Aphunzitsi, ndiye chaka chamawa mulembe." Anabwereza. Kadanga kaja ndinakalemba ndekha, ahedi n'kuonanso kachiwiri, ndipo pa moko tinamukulitsira mapepala ndi ndalama ya komiti ya sukulu. Tsiku la mayeso envelopu yake inabwera payokha, dzina la sukulu lili pamwamba. Chomwe sitinachiganizire n'chakuti kumalo olemberako madesiki anali ang'onoang'ono, odzaza ndi zibowo, oti munthu wowerenga ataweramira chonchija sangayalepo pepala la mafunso ndi la mayankho pamodzi. Belu litatsala pang'ono kulira, ine ndi mlonda tinanyamula tebulo la mu ofesi ya ahedi a pamalopo, n'kukaliika pakona yomwe iye analoza, kutali ndi khomo.